Achemwali, za mfuti imene mwana wathu akufuna kugula

Achemwali, mwaswera bwanji kumeneko? Kuno ku South Bend, m'boma la Indiana ku America, tili bwino. Uthenga wanu ndaumva mpaka kumapeto, ndipo ndamva mmene mawu anu amanjenjemerera. Khalani pansi, muwaitanenso alamu amve nawo, chifukwa ndilankhula motalika.

Poyamba mtima ukhale m'malo, mwanayu sanalowerere. Ntchito yake yosamalira okalamba mukuidziwa, amaweruka pakati pa usiku, ndipo dera limene akukhala silabwino kwenikweni. Anabwera yekha kwa ine monga malume ake asanagule kanthu. Ndinamuuza kuti ndikanakonda asinthe shifiti kapena asamuke, ndipo mpaka lero ndikumuuzabe zomwezo. Koma ndi munthu wamkulu, malamulo a kuno akumulola, ndipo ndikangomukaniza akagula yekha chimene anzake amuuza. Ndiye ndasankha kuyenda naye.

Ndiyambe ndi malamulo, chifukwa kwa ife obwera ngozi yoyamba ili pamenepo. Kuno ku Indiana, kuyambira pa 1 Julayi 2022, munthu woyenera safunikanso chiphaso kuti ayende ndi kamfuti m'chiuno. Koma kusitolo yovomerezeka sagulitsa mfuti yam'manja kwa munthu wosakwana zaka 21. Umadzaza fomu ya boma yotchedwa 4473, iwo amatumiza dzina lako ku FBI, apolisi ofufuza milandu a dziko lonse la America, kuti aone mbiri yako. Wa green card, chilolezo chokhala muno mokhazikika, ngati mwana wathuyu, amaloledwa. Wa viza ya sukulu kapena yodzacheza lamulo limamutsekera, kupatula pa zifukwa zochepa kwambiri. Apa ndamuchenjeza mwamphamvu, chifukwa ife Amalawi timakonda kuthandizana. Mnzake wopanda mapepala akadzati ndigulire m'dzina lako, akane, umenewo ndi mlandu wopita nawo kundende. Fomu yomweyo imafunsanso ngati umasuta chamba, ndipo kunama pamenepo ndi mlandu, ngakhale kuti ku Michigan chamba amagulitsa m'masitolo. Wa green card akapezeka ndi mlandu wa mfuti akhoza kubwezedwa kumudzi, zonse zimene wavutikira kuthera pomwepo.

Chinanso, boma lililonse kuno lili ndi malamulo akeake. Tauni ya Niles ku Michigan ndi mphindi zochepa pagalimoto kuchokera pano, koma ufulu wa ku Indiana woyenda popanda chiphaso umathera pamalire. N'chifukwa chake ndamuuza atengebe chiphaso cha Indiana, popeza Michigan imachilemekeza. Ku Chicago, kumene amakonda kukacheza, boma la Illinois silivomereza chiphaso chathu kuti munthu aziyenda nayo mumsewu. Kumeneko mfuti izitsala kunyumba.

Tsopano za mfuti yeniyeniyo. Iye anabwera ndi chithunzi pafoni cha Ruger LCP, kamfuti kolowa m'thumba la thalauza, kosafika magalamu 300, konyamula zipolopolo 6 mu magazini, kabokosi kake kosungira zipolopolo. Maganizo ake anali akuti kakang'ono n'kosavuta kwa munthu wongoyamba. Ambiri amaganiza choncho, koma sizili choncho ayi. Chipolopolo chikamatuluka, mfuti imakankha m'mbuyo, ndipo kulemera kwa mfutiyo ndi kumene kumameza mphamvu imeneyo. Mukudziwa mmene njinga yopanda katundu imadumphira pamsewu wamiyala, pomwe ya kabaza yonyamula munthu imakhazikika. Kamfuti kopepuka kamadumpha m'manja, kamapweteka chikhatho, chogwirira chake n'chachifupi moti kachala kakumapeto kamatsala m'malere, ndipo timaso toyang'anira chimene ukulozera n'tating'ono. Munthu akawombera kangapo dzanja limawawa, amasiya kupita kokaphunzira, kenako akuyenda ndi chida chimene sachidziwa. Chimenecho ndiye ndimaopa kwambiri, chifukwa chipolopolo chimene chaphonya chimapitirira mpaka chikapeze china, mwina mwana wa eni ake.

Yaikulu nayonso ili ndi vuto lake. Glock 19, yonyamula zipolopolo 15, imawombeka bwino kwambiri, apolisi ambiri amagwiritsa ntchito imeneyi. Koma kuyenda nayo tsiku lonse m'chiuno n'kolemetsa, ndipo nthawi yotentha, utavala malaya opyapyala, chogwirira chake chimatukula malaya, aliyense n'kuona. Paipi yotulukira chipolopolo imabisika yokha m'thalauza, chimene chimaulula munthu ndi chogwirira. Ndiye timafuna yapakati, yoti zala zonse zigwire koma malaya n'kuphimba.

Zapakatizi zachuluka masiku ano. Mu 2018 kampani ya Sig Sauer inatulutsa P365, yopyapyala pafupifupi masentimita awiri ndi theka, yolemera pafupifupi theka la kilo, koma yonyamula zipolopolo 10. Isanabwere imeneyi, zazing'ono zambiri zinkanyamula 6 kapena 7 basi, ndiye makampani ena anatsatira. Glock anatulutsa 43X mu 2019, ya zipolopolo 10, chogwirira chotalikirapo. Smith & Wesson ali ndi Shield Plus. Zonsezi ndi zodalirika, palibe imene ndinganene kuti ndi yoipa. Kusiyana kwake kuli m'dzanja la mwini. Mwana wathuyu anatenga manja a bambo athu, aakulu aja, ndiye ine ndikuona kuti P365 imuchepera, 43X kapena Shield Plus ya magazini yaitali imukhala bwino. Komabe sindimusankhira. Kuno kuli malo ophunzirira kuwombera kumene umabwereka mfuti zosiyanasiyana n'kuziyesa usanagule. Ayese zitatuzo pa pepala limodzi, patali pofanana, ndipo imene mabowo ake ayandikana kwambiri ndiyo agule, ngakhale isakhale imene amaikonda pachithunzi.

Alamu anafunsa za manambala amene mwanayu amatchula, akuti 9, 380, 45. Amenewo ndi kukula kwa chipolopolo, kuno amati caliber. Anthu amakangana kwambiri pa nkhani imeneyi, ndiye ndifotokoze bwino.

Cha 9mm ndi chipolopolo chakale, anachipanga Georg Luger kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ndipo asilikali ndi apolisi a mayiko ambiri amagwiritsa ntchito chimenechi. Mu Epulo 1986 ku Miami, apolisi a FBI anawomberana ndi achifwamba awiri, apolisi awiri n'kuphedwa. Mmodzi wa achifwambawo anali atalasidwa kale ndi 9mm, koma chipolopolo chinaima chisanafike pamtima, iye n'kupitiriza kuwombera. Zitatero a FBI anati 9mm n'chofooka. Anapita ku 10mm, anaona kuti chikukankha kwambiri, kenako anakhazikika pa .40 S&W chimene chinatuluka mu 1990. Patapita zaka pafupifupi 30 chichitikireni za ku Miami, anabwereranso ku 9mm. Zifukwa zawo zinali zomveka. Kapangidwe ka zipolopolo kanali katapita patsogolo moti 9mm inayamba kukwanitsa muyezo wawo, woti chipolopolo chilowe mainchesi 12 mpaka 18 mu phala loyesera lofanana ndi mnofu. Apolisi awo ankalasanso bwino ndi 9mm kuposa .40, mfuti inkanyamula zambiri, ndipo mtengo unali wotsika. Kwa ine mfundo ya mtengoyi ndi yaikulu. Mwa zipolopolo zodzitetezera, 9mm ndiyo yotchipa ndiponso yopezeka sitolo iliyonse, ndipo mnyamata wolipira lendi, wotumizanso ndalama kwa inu, amaphunzira kawirikawiri pokhapokha ngati zipolopolo angazikwanitse.

Cha .380 m'lifupi n'chofanana ndi 9mm, koma kachitini kake ka onga n'kakafupi, mamilimita 17 pomwe ka 9mm ndi 19, ndiye mphamvu n'zocheperapo. Ngakhale zikufanana choncho, sasinthanitsa, mfuti iliyonse imadya chimene chalembedwa pa paipi pake. Sindichinyoza ayi. Kwa munthu wa manja ofooka kapena wachikulire, .380 mu mfuti yokulirapo ngati Shield EZ, imene anaipanga kuti ikhale yofewa kukoka, ndi chisankho chabwino. Koma kwa mnyamata wamphamvu, kulipira ndalama zambiri pa chipolopolo chofookerapo sindikuona chifukwa chake.

Cha .45 ndi chonenepa, asilikali a America anayenda nacho mu mfuti ya M1911 kuyambira 1911 mpaka m'ma 1980, n'chifukwa chake achikulire a kuno amachikonda. Mu kamfuti kakang'ono chimakankha kwambiri ndipo zimalowa zochepa. Cha .22 ndi chabwino pophunzira chifukwa sichikankha, koma n'chofooka ndipo nthawi zina chimakana kuphulika. Palinso revolver ya .38 Special, ija ya mpukutu wozungulira, yonyamula 5. Ubwino wake ilibe zambiri zokoka, koma trigger yake, kachitsulo kokoka ndi chala powombera, ndi yolimba, ndipo kulasa nayo bwino kumafuna kuphunzira kwambiri kuposa mmene anthu amaganizira. Ndiye yankho langa kwa alamu ndi 9mm.

Zipolopolo zakenso zili mitundu iwiri. Zamutu wozungulira ndi zotchipa, ndi zophunzirira. Zoyenda nazo ndi zamphako kumutu, amati hollow point, zimene zimatambasuka zikalasa n'kuima msanga, kuti zisapyoze n'kukavulaza wina kuseri. Agule bokosi la zimenezo, aziyese mu mfuti yakeyo kuti aone ngati sizikukodwa, asanayambe kuzidalira.

Pali chinthu chimene achinyamata amachiiwala powerengera ndalama, ndicho chimake cha mfuti, holster. Glock ilibe kabatani kotsekera ndi chala chachikulu, ukakoka trigger imalira basi. Shield Plus ndi P365 zimapezeka zokhala nako ndi zopanda. Mulimonsemo, mfuti siikidwa yokha m'thumba kapena m'chikwama momwe muli makiyi ndi mawaya a chaja. Imafuna chimake cholimba, choumbidwira mtundu womwewo wa mfuti, chophimba trigger yonse, ndi lamba wolimba woti asapindike. Apa pali vuto lenileni, chifukwa yunifolomu yake ya kuntchito ndi thalauza lachingwe lopanda lamba, ndipo malo ambiri osamalira odwala salola mfuti m'kati. Ndamuuza afunse malamulo a kuntchito kwake asanawononge ndalama. Ngati iyenera kutsala m'galimoto, ikhale m'kabokosi kachitsulo kokhoma, komangiriridwa kumpando ndi waya, chifukwa akuba a kuno amaswa magalasi kufunafuna mfuti zomwezi. Kupositi ofesi, kusukulu, kukhoti ndi malo okwerera ndege salowa nayo. Kunyumba nakonso ikhale yokhomeredwa, popeza ana a anzake amabwera kudzacheza.

Ndamulipirira kalasi kwa mphunzitsi wovomerezeka, imeneyo ndi mphatso yanga. Akaphunzira kuti mfuti iliyonse uziitenga ngati ili ndi chipolopolo, usaloze chimene sukufuna kuwononga, chala chisakhudze trigger mpaka utatsimikiza, ndipo udziwe chimene chili kuseri kwa chimene ukulozera. Lamulo la Indiana silikakamiza munthu kuthawa, koma ine ndamuuza kuti njira ikakhalapo athawe. Akafuna foni apereke. Wina akamutukwana pamsewu apitirize ulendo. Mfuti ndi ya pamene moyo uli pangozi ndipo kothawira kulibe, ndipo tsiku limene akumwa mowa siituluka m'bokosi.

Za apolisi takambirananso, chifukwa ndife anthu akuda m'dziko lino. Mu Julayi 2016 ku Minnesota, Philando Castile, amene anali ndi chiphaso, anaimitsidwa pamsewu, anamuuza wapolisi kuti ali ndi mfuti, ndipo anawomberedwa n'kufa ali pampando wa galimoto yake. Ndamuuza mwana wathu kuti akaimitsidwa azimitse galimoto, ayatse magetsi a m'kati, manja onse pa chiwongolero, laisensi yoyendetsera galimoto ikhale poonekera osati m'thumba lapafupi ndi mfuti, ndipo asasunthe dzanja asanauzidwe. Ku Michigan lamulo limafuna kuti unene nthawi yomweyo kuti uli nayo.

Tsopano, Achemwali, pali mbali imene ndikufuna thandizo lanu. Mu 2021 anthu oposa 48,000 anafa ndi mfuti muno mu America, ndipo oposa theka anadziwombera okha. Moyo wa kuno umasungulumwitsa, kuzizira kumatenga miyezi, ntchito ya usiku imatopetsa mutu, ngongole sizidikira. Munthu amatha kuganiza zoipa kwa mphindi zochepa, mawa n'kudzuka atasintha maganizo, koma mfuti ikakhala pafupi mawalo safikako. Tagwirizana ndi mwanayu kuti akakhala pamavuto, kaya wakangana ndi chibwenzi, kaya ntchito yatha, kaya sakugona tulo, mfuti ibwera kudzakhala mu sefa yanga mpaka zinthu zitakhala bwino, popanda mafunso ndiponso popanda manyazi. Wavomera. Inu ndinu mayi ake, mumamva mawu ake Lamlungu lililonse, mumadziwa akamabisa kanthu. Mukamva kuti mawu ake asintha, kapena wasiya kuyankha foni, mundiimbire nthawi yomweyo, ngakhale kuno kukhale pakati pa usiku.

Alamu, pa zimene munafunsa zoti mwina ingadzabwere kumudzi kudzateteza golosale, ayi, musaziganizirenso. Kutulutsa mfuti kapena zipolopolo muno popanda chilolezo cha boma ndi mlandu waukulu, ndipo kwathuko mfuti imafuna chilolezo cha apolisi. Ngakhale chipolopolo chimodzi choiwalika m'chikwama chikhoza kumumangitsa pabwalo la ndege, ndiye chikwama chopita nacho kophunzira chisadzakhale cha ulendo. Nkhaniyi ikhalenso ya m'banja mwathu, isapite ku gulu la WhatsApp la mpingo kapena pa Facebook.

Loweruka lino tipita kukayesa zitatu zija, kalasi ndi sabata yamawa, ndipo sagula kanthu kalasiyo isanathe. Ndikuimbirani Loweruka madzulo a kwanuko iye ali pompano, kuti mumufunse nokha zimene zatsala. Mupereke moni kwa amayi, koma za mfutizi musawauze kaye, ndilankhula nawo ndekha.