Khansa ya m'mawere ndi kubereka: funso loyenera kufunsidwa diripu yoyamba isanaikidwe

[Wolankhula wakhala pabenchi, m'manja muli envulopu ya kuchipatala]

Moni nonse amene mukutionera, kaya muli ku Mbare, ku Mufakose, ku Mabvuku kapena kumudzi ku Malawi kumene abale amakutumizirani mavidiyowa pa WhatsApp. Tiyerekeze kuti mayi wa zaka 31 wangotuluka kumene m'chipinda cha dokotala pa chipatala cha Parirenyatwa muno mu Harare, ndipo m'envulopu yonga iyi muli pepala lonena kuti chotupa chimene anachimva m'bere ndi khansa. Akamakwera kombi yobwerera kunyumba, mumtima mwake muli za moyo wake, za ndalama ndi za mmene akafotokozere bambo a kunyumba. Zoti mankhwala amene akupita kukalandira angathe kumuletsa kubereka sizimufikira n'komwe, ndipo kawirikawiri amadzazimva miyezi itapita, pamene nthawi yochitapo kanthu yatha kale. Muno mu Zimbabwe khansa ya m'mawere ndi yachiwiri kuchuluka pakati pa amayi, kutsatira ya khomo la chiberekero, ndipo ena mwa odwalawo ndi amayi amene adakali pa msinkhu wobereka.

[Chithunzi cha chiberekero ndi timatumba tiwiri ta mazira]

Mwana wamkazi amabadwa ali kale ndi mazira ake onse, pakati pa 1 miliyoni ndi 2 miliyoni, ndipo pofika nthawi yotha msinkhu amakhala atatsala pafupifupi 300,000 kapena 400,000. Thupi silipanganso ena. Tinganene kuti ndi nkhokwe imene inadzazidwa kamodzi kokha, yomwe imangotapidwa chaka ndi chaka mpaka mayi atasiya kusamba. Mankhwala amphamvu otchedwa kemo, amene nthawi zambiri amaperekedwa kudzera m'diripu, amapha maselo a khansa, koma ena mwa iwo, makamaka cyclophosphamide amene amagwiritsidwa ntchito kwambiri pa khansa ya m'mawere, amawononganso mazira a m'nkhokwemo. Mayi wa zaka 28 amakhala ndi mazira ambiri otsala kuposa wa zaka 40, n'chifukwa chake wamng'onoyo nthawi zambiri amayambiranso kusamba chithandizo chikatha, pamene wamkuluyo angathe kusiyiratu. Komabe kubwerera kwa msambo si umboni woti nkhokwe ili monga inalili kale, ndipo mayi wotere angathe kudzasiya kusamba msanga kuposa anzake.

Njira yodalirika kwambiri yotetezera mwayi wodzabereka ndi kutulutsa mazira ena m'thupi kemo isanayambe n'kuwasunga pozizira. Mayi amabayidwa jakisoni wa mahomoni tsiku lililonse kwa masiku 10 mpaka 14 kuti mazira angapo akhwime nthawi imodzi, kenako dokotala amawakoka ndi singano yopyapyala yodzera kunjira ya amayi, mayiyo atamugoneka kwa kanthawi kochepa. Mazirawo amaumitsidwa mofulumira kwambiri n'kusungidwa mu nayitrojeni wamadzi, pa madigiri 196 pansi pa ziro, ndipo amatha kukhala mmenemo zaka zambiri. Kale madokotala ankadikira kuti msambo uyambe kaye, koma masiku ano jakisoniyu amatha kuyambidwa tsiku lililonse la mwezi, zimene zikutanthauza kuti kemo imachedwa ndi masabata awiri okha kapena kupitirira pang'ono. Kwa mayi amene khansa yake imakula chifukwa cha homoni ya estrogen, madokotala amawonjezera piritsi la letrozole kuti homoniyo isakwere kwambiri m'masiku amenewo.

Mayi wapabanja amathanso kusankha kuti mazirawo aphatikizidwe ndi umuna wa mwamuna wake mulabotale, n'kusunga miluza m'malo mwa mazira okha. Apa ndikufuna kuchedwerapo, chifukwa nkhaniyi imakhudza mabanja athu mwachindunji. Mluza ndi wa anthu awiri, ndipo zipatala nthawi zambiri zimafuna kuti onse awiri avomereze usanagwiritsidwe ntchito. Tonse tikudziwa kuti matenda aakulu amayesa banja, ndipo pali amayi amene anabwezedwa kwawo ali pakati pa chithandizo, achibale a mwamuna atayamba kunong'ona za mwana amene sakubwera. Mazira osaphatikizidwa amakhala a mayiyo yekha. Ine ndikuona kuti mayi ayenera kuuzidwa zimenezi momveka bwino asanasaine pepala lililonse, ngakhale banja lake litakhala lamtendere chotani lero.

Palinso njira yodula kachidutswa ka thumba la mazira pa opaleshoni yaing'ono, kukaumitsa, n'kudzakabwezera m'thupi mayi atachira. Mwana woyamba wobadwa mwa njira imeneyi anabadwira ku Belgium mu 2004, koma imachitika m'zipatala zochepa zaukatswiri.

Tinene zoona pa nkhani ya ndalama. Kusunga mazira kumachitikira m'zipatala zolipira zimene zimachita IVF (kuphatikiza mazira ndi umuna mulabotale), muno mu Harare kapena ku Johannesburg, ndipo ndalama zake n'zambiri kwa banja limene likuvutika kale kugula mankhwala a kemo. N'chifukwa chake njira yotsatirayi ndi yofunika kuti tiidziwe, ngakhale kuti siilowa m'malo mwa kusunga mazira.

[Chithunzi cha jakisoni wa goserelin]

Goserelin, amene ambiri amamudziwa ndi dzina loti Zoladex, ndi jakisoni wobayidwa pansi pa khungu la pamimba masiku 28 aliwonse, kuyambira pafupifupi sabata imodzi kemo isanayambe mpaka itatha. Ntchito yake ndi kugoneka timatumba ta mazira kuti tisamagwire ntchito pa nthawi imene mankhwala amphamvu akuyenda m'magazi. Pa kafukufuku wotchedwa POEMS, amene zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2015, amayi 8 pa 100 alionse amene analandira jakisoniyu anapezeka kuti timatumba tawo tasiya kugwira ntchito patapita zaka ziwiri, poyerekeza ndi 22 pa 100 mwa amene analandira kemo yokha. Mayi amamva kutentha thupi ndi kutuluka thukuta usiku monga amachitira amene akusiya kusamba, koma zimenezi zimatha jakisoniyo akalekedwa.

Tibwerere kwa mayi wathu wa zaka 31 uja. Ngati khansa yake ndi yodalira mahomoni, kemo ikatha adzapatsidwa tamoxifen kwa zaka 5 mpaka 10, ndipo pa nthawi yonseyo sayenera kutenga pakati chifukwa mankhwalawa angavulaze mwana m'mimba. Akamadzamaliza angathe kukhala atadutsa zaka 40. Kwa nthawi yaitali amayi ambiri ankangoona ngati khomo latsekeka, koma kafukufuku wa POSITIVE, wosindikizidwa mu 2023, anatsatira amayi oposa 500 a zaka 42 kutsika m'munsi amene anamwa mankhwala a mtunduwu kwa miyezi 18 mpaka 30, n'kupumira kwa nthawi yosapitirira zaka ziwiri kuti ayese kubereka. Pafupifupi 74 pa 100 alionse anatenga pakati, ndipo m'zaka zitatu zoyambirira khansa sinabwerere mochuluka kuposa mwa anzawo amene sanapumire. Chonde mumve bwino: amayiwa anapumira moyang'aniridwa ndi madokotala, anadikira miyezi itatu kuti mankhwala achoke m'thupi, ndipo anayenera kuyambiranso kumwa pambuyo pake. Si nkhani yongosiya mapiritsi chifukwa apongozi afunsanso za mdzukulu.

Pa nthawi ya kemo, msambo ukaima musaganize kuti simungatenge pakati. Gwiritsani ntchito kondomu kapena lupu ya kopa, popeza mapiritsi ndi majakisoni olerera okhala ndi mahomoni savomerezedwa kwa mayi amene ali ndi khansa ya m'mawere.

Mzere wa kuchipatala ndi wautali ndipo dokotala amakhala ndi mphindi zochepa, choncho lembani funso lanu kuseri kwa khadi la kuchipatala musanachoke kunyumba, m'Chichewa, m'Chishona kapena m'Chingerezi, ndipo mupite ndi mchemwali wanu kapena azakhali kuti akufunsireni ngati mawu atakukanikani: "Adokotala, ndikufuna kudzaberekanso. Kodi mankhwala amenewa adzawononga mazira anga, ndipo tili ndi masiku angati tisanayambe?"