Makalata a Omvera: Singano ya M'fupa

Kalata yoyamba yachokera ku Ntcheu, kwa mayi amene apempha kuti tisawatchule dzina. Alemba kuti: "Amuna anga magazi akumawathera. Awathira kale magazi koma sizikusintha. Adokotala akufuna kutenga mafuta a m'mafupa kuti akawayeze, koma achimwene awo akukana, akuti singano ya pamsana imapuwalitsa. Nditani?"

Mayi, pepani ndi matendawa. Alamu anuwo akuganiza zochotsa madzi a pamsana, zomwe ndi zina. Singano iyi silowa m'fupa la msana ayi. Imalowa pa fupa la m'chiuno, chakumbuyo, pamene lamba wa thalauza amadutsa. Wodwala amagona chammbali, amamupukuta ndi mankhwala, kenako amamubaya jakisoni wochititsa dzanzi pakhungu ndi pamwamba pa fupa. Sindikunamizani kuti sizipweteka. Dzanzi silifika mkati mwa fupa, ndiye akamakoka mafutawo pamamveka ululu wobaya kwa masekondi ochepa. Zonse zimatha mu mphindi 30 kapena kucheperapo.

Magazi amapangidwa m'mafupamo, mayi. Kumangowathira magazi osaona m'fupa kuli ngati kudzaza chidebe chodontha. Uzani adokotala ngati bambowo akumwa aspirin, warfarin (mankhwala oletsa magazi kuundana) kapena mankhwala azitsamba, chifukwa vuto lomwe amalisamala kwambiri ndi kutaya magazi. Bandeji isanyowe kwa maola 24. Magazi akapanda kusiya, pabala pakatuluka mafinya kapena thupi likatentha, bwererani kuchipatala tsiku lomwelo.

Bambo wina wa ku Zomba naye walemba: "Mwana wanga anamuyeza mafuta a m'mafupa, tinadikira milungu, lero akuti tibwereze. Kodi analakwitsa?"

Bambo, kukwiya kwanu n'komveka, koma kubwereza sikutanthauza kulakwitsa nthawi zonse. Amatenga zinthu ziwiri: mafuta amene amapaka pa tigalasi, ndi kachidutswa ka fupa kotalika pafupifupi masentimita 2. Kachidutswako kakafupika kapena kuphwanyika, woyeza saona mokwanira. Nthawi zinanso singano imatuluka youma, ndipo izi zimachitika pa matenda ena monga khansa ya m'magazi. Za kuchedwazo, fupa limayamba laviikidwa m'mankhwala kuti lifewe asanalidule, n'chifukwa chake zotsatira zake zimabwera mochedwa. Afunseni adokotala kuti chinavuta n'chiti pa ziwirizi, komanso ngati ulendo uno angatenge ku mbali ina ya chiuno.