Makalata a Omvera: Lendi Yakwera, Tisamukire Kuti?

Moni omvera nonse, inu amene mukuunjika tomato pa Soweto ndi inu amene mwakhala m'minibasi pa Kulima Tower kudikira kuti idzaze. Thumba la sabata ino lalemera, ndipo makalata ambiri akulira chinthu chimodzi: lendi ya nyumba.

Mnyamata wa ku Mtendere akufunsa ngati ntchito za m'mahotela ku Livingstone zimakhalapo chaka chonse. Mphwanga, alendo odzaona mathithi amabwera ndi nyengo yake. Funsa kaye ngati akukulemba ntchito yokhazikika kapena ya miyezi yochepa, tikiti ya pa Intercity ugule pambuyo.

Tsopano kalata imene yandigwira mtima. Alemba ndi amayi a ana atatu a ku Chawama. Akuti: "Amuna anga ndi owotcherera zitsulo, amapanga mageti ndi mafelemu a mawindo. A landilodi akweza lendi kawiri chaka chino, chonsecho zipinda ndi ziwiri zomwezo. Mnzawo wawauza kuti ku Solwezi ndalama zili mbwee, ndiye akufuna tigulitse makina owotcherera ndi filiji, tinyamuke tonse mwezi wamawa. Ine mtima uli ku Chipata, kwathu. M'nyumba sitikulankhulana. Tauni yotchipa ndi iti?"

Amayi, pepani. Kulira kwanu si kwa ulesi. Bungwe la JCTR limawerengetsa mwezi ndi mwezi ndalama zimene banja la anthu 5 lifunika kuti lidye ndi kukhala moyenera, ndipo kuno ku Lusaka chiwerengerocho chinapitirira K10,000 mu 2024. Ndi mabanja angati a ku Chawama amene amaigwira ndalama imeneyo pamwezi? Choncho mukati Lusaka yakulemerani, ndikukumvani.

Koma funso lanu ndilitembenuza pang'ono. Musafunse kuti nyumba yotchipa ili kuti. Funsani kuti mwezi ukatha, m'thumba mutsala zingati. Tengani pepala usiku uno, ana akagona, mukhale pansi ndi abambo. Lembani mayina a matauni atatu pamwamba: Lusaka, Solwezi, Chipata. Pansi pa lililonse lembani ndalama imene mukudziwa kuti ilowa, osati imene mnzawo walonjeza. Kenako chotsani lendi, thumba la unga, malasha, madzi a pa mpopi, mayunitsi a magetsi, basi ya tsiku ndi tsiku, ndi ya ulendo wa ku maliro kumudzi, chifukwa maliro sachenjeza. Chotsalacho ndicho chikuuzeni kopita.

Za ku Solwezi mnzawoyo sananame zonse. Mgodi wa Kansanshi uli pafupi ndi tauni, ndipo kutsogolo, njira ya ku Mwinilunga, kuli Lumwana ndi Sentinel ya ku Kalumbila. Ndalama zimayendadi. Koma kumene kuli malipiro a mgodi, eni nyumba nawonso amaika mtengo poyang'ana thumba la wa mumgodi, ndipo iwe mlendo wopanda ntchito ulipira mtengo womwewo. Chinanso, pa geti la mgodi sayang'ana kuti dzanja lako limawotcherera bwino motani. Amayamba kufunsa pepala. Abambo ali nayo setifiketi ya trade test, mayeso a luso a TEVETA, bungwe la boma loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja? Ngati alibe, ayambire pamenepo, adakali kuno. Ndipo kumbukirani kuti ndi ulendo wa tsiku lathunthu, kudutsa Kabwe, Kapiri Mposhi, Kitwe ndi Chingola. Mwana akadwala usiku kumeneko, mudzagogoda pakhomo pa yani?

Chipata nayonso musaione ndi maso a chikondi chokha. Inde, inakhala mzinda mu 2017, malire a Mwami ali pafupi, anthu akumanga, ndipo chimanga ndi nsawawa zimachokera kuseri kwa phiri, sizikwera lole makilomita oposa 500 monga zimachitira kuti zifike kuno. Muli ndi abale amene angakutumizireni dengu la ufa zinthu zikavuta. Koma ndalama ya kumeneko imatsatira zokolola. Alimi akagulitsa soya, mpendadzuwa ndi fodya, wowotcherera sagona: ngolo, mageti, mafelemu, zigayo zofuna kukonza. Ikafika Januwale ndi Febuluwale, makina amatha kukhala chete sabata yathunthu. Amene amadziwa kusunga za nthawi yokolola amakhala bwino. Amene amadya zonse mu Ogasiti amabwerera ku Lusaka ndi chikwama chokha.

Maganizo anga ndi awa, ndipo abambo ngati mukumvera, sendezani wailesi pafupi. Makina owotcherera musagulitse. Imeneyo ndiyo ntchito yanu, ndiyo imadyetsa ana atatuwo. Pitani pa msewu wa Alick Nkhata ku Kalingalinga muone anzanu: munthu wavala magalasi akuda, geti laimikidwa m'mbali mwa msewu utoto usanaume, galimoto ikuima kufunsa mtengo. Onsewo chuma chawo ndi kamakina kamodzi ndi waya wautali. Mukagulitsa kanu, ku Solwezi mukafika ngati wopempha ganyu, osati mmisiri. Ngati mtima wakana kukhala, pitani nokha mwezi umodzi, mukagone kwa mnzanu wolonjezayo. Tione ngati foni yake ikhalabe yotsegula mukamuuza kuti mwafika pa siteshoni ndi bulangete! Mukapeza ntchito, pemphani kontilakiti yolembedwa monga lamulo la ntchito la 2019 likunenera. Mukalandira malipiro oyamba n'kupeza nyumba, ndiye itanani banja. Ana a sukulu musawazule pakati pa temu. Maphunziro ndi aulere kuyambira 2022, koma malo m'kalasi safunidwa tsiku limodzi.

Inunso amayi, kusalankhulana m'nyumba sikuchotsa ngwee imodzi pa lendi. Aphikireni nsima, muwaonetse pepalalo mwaulemu. Mundilemberenso, ndikufuna kumva mmene zathera.

Makalata anayi sabata ino achokera kwa achinyamata a ku Petauke, Katete ndi Lundazi amene anabwera kuno atamva zokoma, lero akugona pansi m'khichini mwa achibale. Apa ndiye ndikufuna kudzudzula ife a m'tauni. Timapita kumudzi pa Khirisimasi titavala suti ya pa salaula, foni yaikulu m'manja, tikugawa ma K20 kwa ana. Sitinena kuti unga timagula wa pamela, kapaketi ka tsiku limodzi. Sitinena kuti chimbudzi chimodzi timagawana mabanja asanu, kapena kuti ndalama ya ulendowo ndi ya chilimba. Mwana wa mlongo wanu akuona zonsezo, akugulitsa mbuzi, akukwera basi. Akafika, sabata yoyamba ndi chikondi, yachitatu mwayamba kuwerenga nthongo za nsima. Paja akulu anati mlendo ndi mame. Kalembera wa 2022 anapeza anthu oposa 2 miliyoni m'boma la Lusaka lokha, ndipo onsewo akulimbirana zipinda zomwezo ndi ntchito zomwezo. Wantchito wa m'nyumba malipiro ake otsikitsitsa mwalamulo anaikidwa pa K1,300 pamwezi kuyambira mu 2024. Muuzeni mtsikana wofuna kudzagwira ntchito imeneyi chiwerengero chimenecho asananyamuke, mumuuzenso mtengo wa chipinda chimodzi ku komboni kwanu. Akabwera atadziwa, wabwera ndi maso. Kumubisira ndi kumulakwira, ngakhale mutamulandira ndi nkhuku.

Bambo wina wapeza chipinda chotchipa kwambiri ku Kanyama ndipo akufunsa ngati alipire miyezi itatu. Abambo, musanalipire yang'anani khoma ngati lili ndi mzere wa madzi, ndipo funsani oyandikana nawo mmene pamakhalira mu Febuluwale. Madera ena kumeneko madzi sachedwa kudzaza, zimbudzi zimasefukira, ndipo tonse tikukumbukira kolera ya 2023 mpaka 2024 imene inasandutsa bwalo la masewera la Heroes kukhala chipatala.

Mlongo wa ku Matero akuti asamukire ku Kafue kapena ku Chongwe koma ntchito ikhalebe m'tauni. Werengani basi ya kupita ndi kubwera masiku onse a ntchito pamwezi. Nthawi zambiri imene mwapulumutsa kwa landilodi mumaipereka kwa kondakitala.

Wina akufunsa za Kabwe. Nyumba n'zotsikirapo kuposa kuno, ndipo tauniyo ili pa msewu waukulu. Koma ngati muli ndi ana aang'ono, pewani malo oyandikira mgodi wakale umene unatsekedwa mu 1994, monga Chowa, Kasanda ndi Makululu, chifukwa dothi lake lili ndi mtovu umene umawononga ubongo wa ana.

Ndipo kwa mphunzitsi watsopano amene watumizidwa ku Chama koma akufuna tim'thandize kusinthana ndi wina kuti atsale ku Lusaka: mwana wanga, pita. Ukalandira ndalama yowonjezera ya kumidzi, lendi ikakhala yochepa, ndipo ana a kumeneko akudikira mphunzitsi. Ukatha temu yoyamba utilembere, kalata yako ndidzaiwerenga pano.