Makalata a Omvera: Radiogram ya Malemu Bambo Ikayamba Kung'ung'uza

Takulandirani nonse ku gawo la makalata. Chikambireni za mawailesi akale sabata yatha, zikuoneka kuti ambiri munakafukula katundu amene anaiwalika kuseri kwa makatoni, moti thumba ladzaza ndi nkhani yomweyi. Lero tiwerenga anayi, enawo adikire.

Yoyamba yachokera kwa mayi ena amene apempha kuti dzina tisatchule. Akuti:

"Bambo anga anandisiyira radiogram yaikulu ngati kabati, yopangidwa ku Germany, wailesi pamwamba, galamafoni mkati, masipika pansi. Yakhala zaka zoposa 20 osayatsidwa. Tsiku lina ndinaipukuta n'kuilumikiza ku magetsi. Kadiso kobiriwira kanayaka, ine chimwemwe, koma posakhalitsa inayamba kung'ung'uza mokweza, voliyumu ndatsitsa koma osasintha, kenaka kafungo ka chinthu chopsa. Ndinazimitsa msangamsanga. Kodi ndaipha?"

Mayi, pepani za malemu bambo. Mwachita bwino kuzimitsa, ndipo chonde musayesenso, ngakhale mtima uzikuuzani kuti kamodzi kokha. Sindikukhulupirira kuti mwaipha. Kadiso kobiriwirako ndi valavu (kagalasi konga babu ka m'mawailesi akale) yothandiza kutchera siteshoni, ndipo sikawala popanda magetsi amphamvu a mkati. Ndiye kuti thiransifoma yaikulu inali idakali moyo pomwe mumazimitsa.

Kung'ung'uzako kukuchokera ku makapasita akuluakulu, aja ooneka ngati tizitini ta aluminiyamu. Ntchito yawo ndi kusalaza magetsi asanafike ku mavalavu. Mkati mwawo muli mankhwala onyowa amene amauma zaka zikamapita, ndipo akauma kunjenjemera kwa magetsi a pakhoma kumadutsa mpaka ku sipika. N'chifukwa chake voliyumu sikukuthandizani, phokosolo likulowera kutsogolo kwake. Palinso timakapasita tina tating'onoting'ono ta pepala lokutidwa ndi phula, timene timamwa chinyezi n'kuyamba kudontha magetsi. Kamodzi kokha kakadontha pa malo olakwika, valavu yotulutsa mawu, imene m'mawailesi ambiri a ku Ulaya ndi EL84, imakoka magetsi opyola muyezo, imatentha mpaka kufiira, n'kuwotcha thiransifoma ya sipika. Makapasita atsopano amapezeka mosavuta, koma thiransifoma ya mtundu umenewo mudzaisaka mpaka nsapato kutha.

Fungolo linali lotani? Ngati linali la dzira lovunda, ndi rectifier ya selenium (kachipangizo kowongola magetsi a pakhoma kuti aziyenda mbali imodzi), imene opanga ambiri a ku Germany ankaika m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960. Utsi wake ndi woipa, tsegulani mawindo.

Pitani nayo kwa mmisiri wodziwa mavalavu, ndipo mudzamudziwa ndi mmene ayambire. Wodziwa sathamangira ku soketi. Amayamba wasintha makapasita, kenaka poyatsa koyamba amadutsitsa magetsi mu babu lakale lija la kawaya mkati, la mawati 60 kapena 100. Babu likawala kamphindi n'kuzilala, zinthu zili bwino. Likawala ngwee osazilala, penapake mawaya agundana, ndipo babulo ndi limene lanyamula katundu m'malo mwa thiransifoma. Mababu a LED sagwira ntchito imeneyi. Akakuuzani kuti musinthe mavalavu onse, kanani kaye, chifukwa kawirikawiri mavalavu amakhala osalakwa. Inuyo musapise dzanja mkatimo. Muli mavoti oposa 250, ndipo kapasita imatha kusunga magetsi ngakhale pulagi mwazula.

Yachiwiri ndi ya achimwene ena. "Ndinapeza sitiriyo ya kabati yochokera ku America, ya mathiransisita. Ndinagula thiransifoma yotsitsa magetsi kuchoka pa 230 kufika pa 120. Wailesi ikulira bwino, koma ndikaika mbale, woyimba wamkazi akumveka ngati bambo amene angodzuka kumene."

Achimwene, mwandiseketsa, koma vutoli ndi lodziwika. Magetsi a ku America amasinthasintha ka 60 pa sekondi, pomwe a maiko ambiri a 230 amasinthasintha ka 50, ndipo mota ya galamafoni zimenezi imayenda motsatira kusinthasinthako. Thiransifoma yanu yatsitsa mavoti okha. Mbale yoyenera kuzungulira ka 33⅓ pa mphindi ikuzungulira pafupifupi ka 28, ya 45 ikupanga 37 ndi theka. Mankhwala ake ndi kukulitsa pang'ono kamtengo ka mota poveka kachitsulo kopangidwira 50, kapena kupeza kachipangizo kosandutsa magetsi kukhala a 60.

Komabe mvetserani bwino. Ngati mawu akungotsika mofanana, ndi zimene ndanenazi. Ngati akukwera n'kutsika ngati munthu woledzera, nyamulani chimbale chozunguliracho muone kagudumu ka labala kamene kali pakati pa mota ndi m'mphepete mwake. Makina a BSR ndi Garrard a ku England, amene analowa m'makabati ambirimbiri, amayendera kagudumu kotere, ndipo labala akakalamba amauma n'kumaterereka. Girizi wakale naye amalimba ngati guluu. Mutsukeni, pakani watsopano pang'ono, koma mafuta asakhudze labalayo.

Yachitatu yalembedwa ndi dzanja lokongola zedi, la agogo ena aamuna. "Ndili ndi bokosi la mbale zolemera za 78. Imodzi ndinaipukuta ndi sipiriti, nsalu inada bii ndipo mbale inayamba kumata. Chinanso, singano imalumpha, ndiye ndinaika kandalama kachitsulo pamutu pa mkono wa galamafoni. Tsopano sikulumpha."

Agogo, chakuda chimene chinatsala pa nsalucho si litsiro, ndi nyimbo yeniyeniyo. Mbale za 78 zinkapangidwa ndi shellac, utomoni wochokera ku tizilombo tina ta m'mitengo ya ku India ndi Thailand, ndipo shellac amasungunuka mu sipiriti. Zotsalazo muzitsuka ndi madzi oyera ndi kadontho ka sopo wotsukira ziwiya, potsatira mizere, pepala la pakati lisanyowe, n'kuumitsa nthawi yomweyo. Muzizisunga choimiritsa, ndipo zikagwa zimasweka ngati kapu.

Kandalamako chotsani lero lomwe. Sikulumpha, inde, koma singano ikulima mizere ngati khasu. Kulumpha kumayamba singano ikatha, kapena kalabala ka m'mutu kakauma, kapena mkono ukamangika ndi girizi, mwinanso kabati yangopendekeka chifukwa pansi si pofanana.

Ndifunsenso, agogo, mukugwiritsa singano iti? Kampani ya Columbia itatulutsa mbale za LP (zija zozungulira ka 33⅓) mu 1948, RCA Victor n'kutulutsa za 45 mu 1949, mizere inachepa kwambiri. Nsonga ya singano ya 78 ndi yaikulu pafupifupi kanayi kuposa ya mbale za sitiriyo. Yaing'onoyo mukaiika pa 78 imagwera pansi penipeni pa mzere, mumangomva ngati mvula pa malata. Yang'anani m'mbali mwa mutu, galamafoni zambiri zili ndi kandodo kotembenuza, mbali ina kolembedwa 78, ina LP. Ndipo ngati muli nayo ija yopukusa ndi dzanja, singano yake yachitsulo ndi ya mbali imodzi ya mbale basi, kenaka kutaya. Mbale ya pulasitiki isayandikire pamenepo.

Yomaliza ndi yaifupi, ya mtsikana wina. "Ndikufuna kuchotsa zonse za mkati mwa radiogram ya agogo, ndipale matabwa, ndipake penti yoyera, ndiikemo Bluetooth. Ndikulakwa?"

Achemwali, katundu ndi wanu, koma mwandifunsa ndiye ndiyankha: zandiwawa. Thabwa lokongola mukulionalo ndi kachikopa chabe kosakwana milimita imodzi, komatidwa pa thabwa wamba. Sandipepala akapyola palibe kubwerera. Yambani ndi nsalu yonyowa pang'ono ndi polishi, mudzadabwa. Bluetooth sindikudana nayo, inenso ndimamvera za pafoni. Radiogram zambiri kumbuyo zili ndi polowetsa tepi kapena galamafoni, za ku Germany pamalembedwa TA kapena TB. Mukalumikiza kachipangizo ka Bluetooth pamenepo, nyimbo za pafoni zidzatulukira m'masipika a agogo popanda kudula waya ndi umodzi womwe. Mmisiri aione kaye, chifukwa mawailesi ena akale analibe thiransifoma, ndipo chitsulo chawo cha mkati chimakhudzana ndi magetsi a pakhoma. Zikapezeka kuti mkati makoswe anamaliza kale, pakani penti yanu, koma mavalavu, masipika ndi timabatani mupatse wina amene akukonza yake.

Nthawi yatithera. Mayi a kalata yoyamba, tembenuzani kabatiyo pulagi ili yozula, mukopere nambala ya pa chikwangwani cha kumbuyo ndi zilembo za pa mavalavu zimene zikuoneka pa timabowo, mutitumizire. Nambala imeneyo ndi imene ithandize mmisiri wanu kupeza chithunzi cha mawaya ake.