Zimene ndinaona mkati mwa mfuti ya .243

Moni nonse amene mukumvera, kaya muli ku Joni, ku Cape Town, kapena kuno kumudzi. Lero ndikulankhula ndili ku Kawale kuno ku Lilongwe, kunyumba kwa achimwene anga. Za ulendo wa pa Beitbridge, pa Nyamapanda mpaka pa Dedza sindikambapo, pakuti nonse mumaudziwa. Chimene chandikhazika pansi ndi ntchito yanga imene yatha, ndipo ndikufuna kuti chifukwa chake muchimve kwa ine mwini.

Ambiri mukudziwa kuti ndinkagwira ntchito pa shopu ina yokonza ndi kugulitsa mfuti za alenje m'chigawo cha Limpopo. Ndinayamba ndi tsache, kenako bambo wina wachikulire, mwini wake woyamba wa shopuyo, anandiphunzitsa kutsuka mipope ya mfuti ndi kuyang'ana mkati mwake ndi borescope. Kumeneko lamulo la Firearms Control Act la 2000 limawerengera mpope wokha ngati mfuti yathunthu, choncho chilichonse cholowa chimalembedwa m'kaundula, ndipo ine ndinkagwira pansi pa mmisiri wokhala ndi chilolezo.

Borescope ndi kandodo kowonda kwambiri, kokhala ndi kamera, kagetsi ndi kagalasi kopendekeka kunsonga kwake, kuti munthu aone khoma la mpope chapambali. Cha kampani ya Teslong chimene tinali nacho chimaonetsa chithunzi pa foni kapena pa kompyuta. Umayamba watsimikiza kuti mulibe chipolopolo, n'kuchotsa bolt, chitsulo chotsekera chipolopolo kumbuyo kwa mpope, n'kutsuka bwinobwino, chifukwa mwaye wa wonga ndi mkuwa wotsalira wa zipolopolo zimabisa chilema. Ukatero umalowetsa kandodoko kuchokera kumbuyo, pang'onopang'ono, uku ukukapotoza, kutsatira mizere yozungulira imene imachititsa kuti chipolopolo chizizungulira pouluka. Ndikunena mosadzitama kuti alenje ena ankafika n'kufunsa kuti Mmalawi uja ali kuti, iye ndiye ayang'ane mfuti yanga.

Mdala uja atapuma, shopu anaitenga mwana wake. Nyengo yosaka itayandikira mu Meyi, kunabwera mfuti yakale ya .243 Winchester yoti tigulitse. Kunja inali yokongola, thabwa lake lopakidwa mafuta, chitsulo chosaperepeseka. Nditalowetsa kamera ndinapeza kuti pakhosi, pamene chipolopolo chimayambira kugwira mizere, chitsulo chinali chitang'ambikang'ambika ngati dothi la kudambo mu Okutobala, ndipo mizereyo inali itafufutika kwa kamtunda ndithu. Pamenepa ndi pamene moto wa wonga umawomba koyamba, ndipo .243 imadya pakhosi msanga kuposa mfuti ya .308 chifukwa wonga wochuluka chimodzimodzi umadutsa pa kabowo kocheperapo. Chilema chotere simungachione poyang'anitsa mpope kudzuwa ndi diso lokha.

Wogula anali mnyamata wa pafamu, wofuna mfuti yake yoyamba yosakira nswala. Bwana anandikokera kuseri n'kundiuza kuti ndilowetse kamera kuchokera kukamwa kwa mpope ndi kuimira pakati, pamene chitsulo chinali chosalala. Munthu yemweyu, abale anga, ndi amene chaka chatha anatidula malipiro a Disembala ponena kuti malonda sanayende, pamene ife tinkaona mabokosi a zipolopolo akutuluka tsiku ndi tsiku. Ndi yemweyunso amene anakana kundipatsa tchuthi pa maliro a malume anga ku Mitundu, ndipo ndinalira ndekha m'kachipinda kakuseri, anzanga kuno akukumba manda. Mnyamata uja atapempha kuona, ndinalowetsa kamera kuchokera kumbuyo monga ndinaphunzitsidwira, ndipo anaona zonse.

Apa ndikufuna kuti mundimvetse bwino, makamaka inu achinyamata amene mwangoyamba kugwira ntchito zamanja kunja. Kamera imakuza zinthu, ndipo kachilema kakang'ono kamaoneka koopsa. Ndaonapo mfuti zakale za .303 Lee-Enfield zodyeka ndi dzimbiri mkati, chifukwa zipolopolo zakale zausilikali zinkasiya mchere wokoka chinyontho, koma zikulasabe bwino. Choncho mpope wonyansa pa chithunzi sikuti watha ayi. Chigamulo chenicheni chimachokera pa chandamale cha mamita 100. Chilungamo chinali kumuonetsa mnyamatayo, kupita naye kokayesera, ndi kutsitsa mtengo kuti itsale ndalama ya mpope watsopano. Koma kubisa ndi kuba, ndipo mfuti yomwaza zipolopolo imavulaza nyama imene imakafera kutchire ndi ululu. Komanso taganizirani, mnyamatayo akanabwerera patapita miyezi itatu ali wokwiya, bwana akanaloza ndani? Akanati wantchito wake wobwera ndiye sanayang'ane bwino. Mlendo ndiye amasenza mlandu nthawi zonse, ndipo dzina lako likaipa m'tauni yaing'ono ngati imeneyo, anzako onse ochokera ku Malawi khomo lawatsekekera. Ife amatilemba ntchito chifukwa cha mbiri yakuti ndife okhulupirika, mbiri imene anaisiya ndi makolo athu a ku migodi, ndipo ine sindingaigulitse chifukwa cha mfuti imodzi.

Mwezi utatha anandiuza kuti ndisabwerenso, ndipo ndalama za masiku anga a tchuthi anazigwira. Sindinagwade kapena kupepesa. Ndinapita ku CCMA, bungwe la ku South Africa loweruza mikangano ya pantchito, kumene dandaulo la kuchotsedwa ntchito mopanda chilungamo liyenera kufika pasanathe masiku 30, ndipo amamva ngakhale ife obwera. Amene zakuchitikirani zotere musachedwe ndi kudandaula pa WhatsApp masikuwo n'kutha.

Achimwene akuti ndikhale, tidzilima fodya ku Mitundu, ndipo kunena zoona nsima ya mgaiwa ndi utaka wa kuno zikundikoka mtima. Koma tsiku la mlandu laperekedwa, ndipo ndibwerera kuti ndikaime pamaso pa bwanayo. Zithunzi za pakhosi pa mfuti ija ndinazisunga mu foni, pamodzi ndi nambala yake ndi tsiku, ndipo mnyamata wa pafamu uja wavomera kudzachitira umboni.