Wodwala wa kafeini akabwera usiku, magazi titenga bwanji

Mwachoma bwanji nonse a pa naiti. Ndati ndingojambula mawu, kulemba kunditengera nthawi. Ndifuna kuyankha funso lija a Sister anafunsa, lakuti munthu akamwa kafeini wopyola muyeso tiyeza chani m'magazi. Nyengo ino ya mayeso a Grade 12 abwera ndithu, ana aja owerenga usiku wonse, ndiyenso madalaivala a pa Great East Road ochoka ku Mwami border kupita ku Lusaka osagona.

Choyamba, eh, ndiyambe ndi chimene simudzachita. Musakhale pansi kudikira kuti labu ikuuzeni kuchuluka kwa kafeini weniweniyo. Kuyeza kuja kulipo, inde, mabuku amati kuyambira 15 mg pa lita munthu adwala, ndipo kupyola 80 ambiri amafa. Koma malabu ambiri sayeza zimenezo, ndipo komwe ayeza zotsatira zimabwera wodwala atachira kale kapena mwamutaya kale. Ndiye ife tiyang'ana zimene kafeini wawononga m'thupi, basi.

Mufunse wamwa chani, zingati, nthawi yanji. Red Bull wa 250 ml ali ndi 80 mg, munthu wamkulu patsiku asapyole 400 mg, mayi wapakati 200. Yopha ndi cha m'ma 10 grams, ndiye mwaona zakumwa zokha sizifika msanga pamenepo, oopsa ndi mapilisi ndi ufa uja wa anyamata a ku jimu. Pilisi limodzi 200 mg, mapilisi 50 wafika kale. Koma wa vuto la mtima kale angagwe ndi zochepa, musamupeputse.

Manje magazi. Shuga poyamba, pachala pompo, kawirikawiri mupeza yakwera, musathamangire insulin. Kenaka potaziyamu, mchere wa m'magazi wothandiza mtima kugunda bwino. Apa ndiye ndichedwepo, mundikhululukire, apa ndichedwepo.

Kafeini amakankhira potaziyamu m'kati mwa maselo, ndiye m'magazi imatsika, kuwonjezera kusanza kuja. Yabwino ndi 3.5 mpaka 5.0, awa mupeza pansi pa 3, ndipo mtima umene ukuthamanga kale ukasowa potaziyamu umasokonekera kagundidwe. Ndiye nambala imeneyi iyenera kukhala yoona. Zinatichitikira usiku wina, mtsikana wamwa mapilisi, akunjenjemera, akusanza, mtima 150. Mtsempha wovuta, magazi atuluka ochepa. Amene anatenga anayamba kudzaza kabotolo ka purple, ataona kuti ka yelo, koyezera potaziyamu, kachepa anatsanulirako pang'ono kuchoka mu ka purple muja. Zotsatira kubwera, potaziyamu yakwera zedi. Anthu ayamba kale kukonza mankhwala otsitsa, pamene mwana uja yake inali yotsika. Chinatipulumutsa ndi ECG, makina ojambula kagundidwe ka mtima, sinagwirizane ndi pepala, tinatenganso ena.

Mwamva pamene panalakwika? Ndibwereze. Ka purple kali ndi EDTA, mankhwala oletsa magazi kuundana, ndipo EDTA ija ili ndi potaziyamu m'kati. Kadontho chabe kakwanira kunamiza. Ndiye ka yelo kapena ka girini poyamba, ka purple pambuyo, ndipo osatsanula, osatsanula kuchoka botolo lina kupita lina ngakhale magazi achepe bwanji. Bayaninso. Bola wodwala adandaule nsingano kawiri.

Ndiyenso, aa, ndaiwala, dzanja. Osatenga dzanja la dilipi. Lamba musamange nthawi yaitali, ndipo zija zouza wodwala kuti finyani chibakera, finyani, finyani, musiye, zimakweza potaziyamu. Osakoka sirinji mwamphamvu, osakhutchumula botolo ngati mukusukusa maheu, maselo amasweka. Osaika mu filiji kuti tidzapereka m'mawa, kuzizira nakonso kumakweza. Munthu anyamule apite nayo ku labu nthawi yomweyo, mulembe ola limene mwatenga. Vuto lake ndi lakuti zambiri mwa izi zimakweza nambala, ndiye yotsika ioneka yabwinobwino, inu mtima pansi, pamene sizili bwino.

Ikatsikadi muwonjezere, koma pang'onopang'ono mu dilipi, osabaya mumtsempha mwachindunji, ameneyo mwamupha. Kumbukirani sinatayike yonse, yabisala m'maselo, kafeini akamatha ibwerera. Mukathira yambiri mawa mupeza yapyola. Ndiye mubwereze kuyeza pakapita maola ochepa. Mwa munthu wabwino theka la kafeini limatha m'maola ngati 5, koma wamwa wambiri zimachedwa kwambiri.

Zina muzidziwa, urea ndi creatinine zoonera impso, CK yoonera kuwonongeka kwa minofu ngati wakomoka monga wa khunyu kapena mkodzo wada, lactate, asidi wa m'magazi, ngati makina alipo. Maselo oyera akakwera musafulumire kunena matenda, kafeini amachita zimenezo. Malungo yezani ndithu, kuno ndi kwathu. Wamkazi, yezani mimba.

Ayi dikirani, ndadumpha chachikulu. Paracetamol. Ambiri samwa kafeini yekha, amwa mankhwala a mutu. Panadol Extra pilisi limodzi ndi paracetamol 500 mg, kafeini 65 mg. Grand-Pa muli aspirin, paracetamol ndi kafeini. Kunjenjemera kutha, wodwala aoneka wachira, chiwindi chikufa mwakachetechete, adzabwera patapita masiku maso achikasu. Paracetamol ayezedwa pakatha maola 4 chimwereni, ndipo acetylcysteine, mankhwala oteteza chiwindi, agwira bwino asanathe maola 8. Ngati kuyeza kulibe ndipo wamwa ambiri, itanani a dokotala ayambe mankhwala. Achibale muwatume akatenge mapaketi kunyumba, muwerenge nokha ndi maso anu.

Achibalewo, mmm. Amabwera atamumwetsa kale mkaka, ena madzi a mchere kuti asanze. Muwauze mwaulemu kuti zimenezo ziwonjezera mavuto. Kuli bambo wina dalaivala anakana magazi, ati ine ndibayeni chabe jakisoni ndipite katundu akundidikira, tinawachonderera, anasaina napita. Sanafike patali, anabwera nawo atanyamulidwa akukomoka. Ndiye wokana mukhale naye pansi, mumuonetse mtima wake pa makina aone yekha.

Akakomoka monga wa khunyu mupatseni diazepam, phenytoin uja wa khunyu sathandiza apa. Makala a kuchipatala aja oyamwa poizoni m'mimba, 50 grams ngati wafika msanga ndipo ali maso bwino, muletse kusanza kaye. Mtima ukakana kutsika, BP ikugwa, kukomoka kukubwerezabwereza, ameneyo ndi wa dialysis, makina osefa magazi, yambani kuimba mafoni a referral msanga osadikira kucha.

Ndipo ngati wamwa dala, makamaka ana a sukulu awa, musamukalipire pamaso pa makolo, musamusiye yekha pabedi, ndipo asatuluke asanaonane ndi a uphungu. A Sister, mabotolo a yelo mu kabati atsala ochepa, mukatenge ku sitolo musanayambe shifiti.