Makalata a Omvera: Misewu Ikamasungunuka, Katundu Achepe

Kalata yoyamba lero yachokera ku Ontario, m'dziko la Canada, kwa bambo wina amene wangoyamba kumene ntchito yokonza maulendo a mathiraki onyamula simenti ndi njerwa. Akuti: "Abwana anga andiuza kuti pofika Marichi tidzachepetsa katundu chifukwa cha lamulo la kulemera. Thiraki ndi yomweyo, msewu ndi womwewo. Nanga vuto lili pati, ndipo ndikonzekere bwanji?"

Zikomo bambo potilembera. Vuto lili pansi pa phula. M'nyengo yozizira nthaka ya pansi pa msewu imauma gwa, madzi ake ataundana. Kukayamba kufunda, kusungunuka kumayambira pamwamba n'kumatsika pang'onopang'ono. Madziwo amasowa kolowera poti pansi pakadali poundana, ndiye dothi ndi miyala zonyamula msewu zimalowa madzi n'kufewa. Phula limangotsala ngati kakhungu ka pamwamba pa phala. Thiraki yodzaza ikadutsapo, mumaona phula likutitimira m'njira ya matayala, kenaka ming'alu, madzi amatope n'kumatulukira m'ming'alumo.

Kwanu ku Ontario, pa msewu umene aikapo chikwangwani cha nyengoyi, ekiselo iliyonse (chitsulo cholumikiza matayala a mbali ziwiri) siyenera kusenza kupitirira makilogalamu 5,000. Kummwera zimachitika kwambiri mu Marichi ndi Epulo, kumpoto zimafika mpaka Meyi. Mumvetse bwino apa: sikelo ikuyang'ana ekiselo iliyonse payokha. Mukhoza kuchepetsa matumba a simenti koma n'kulipirabe chindapusa chifukwa onyamula anaunjika katundu kumbuyo kokha. Lamuloli lili ndi maziko ake. Mayeso a misewu amene anachitika ku Ottawa ya ku Illinois, m'dziko la America, pakati pa 1958 ndi 1960 anaonetsa kuti kulemera kwa pa ekiselo kukawirikiza kawiri, kuwonongeka kwa msewu kumawirikiza pafupifupi ka 16.

Chimene ine ndikukulimbikitsani kwambiri ndi ichi: ulendo muziukonza kuyambira pakhomo la kasitomala kubwerera m'mbuyo. Msewu waukulu ngati 401 anaumanga molimba, sukuvutitsani. Chimakola anthu ndi kamsewu komaliza kokafika pamalo omangapo nyumba, kamene kali m'manja mwa khonsolo ya deralo, ndipo khonsolo iliyonse ili ndi mndandanda wake wa misewu ndi masiku. Aimbireni foni mu Januwale. Katundu wolemera amene angasungike, monga njerwa, mukatuliretu mu Febuluwale nthaka ikadali yolimba. Makasitomala auzenitu kuti ulendo umodzi ukhoza kukhala iwiri ndipo mtengo ukwera. Munthu sakwiya ndi mtengo umene anaumva nthawi ikadalipo.

Kalata ina yachokera kwa mayi wina, dalaivala, amene amayenda pakati pa Quebec ku Canada, ndi Michigan ndi Minnesota ku America. Akufunsa mwachidule: "Kodi tsiku loyambira ndi limodzi konsekonse? Ndikufuna ndingolilemba pa kalendala."

Ayi mayi, musalilembe ndi bolopeni. Tsikulo limatsata nyengo, ndipo chaka chofunda msanga limabwera msanga. Quebec inagawidwa m'zigawo zitatu, chilichonse ndi masiku ake, ndipo malire a kulemera amatsika ndi 8 mpaka 20 pa 100 iliyonse. Kumeneko lamuloli limakhudza ngakhale misewu ikuluikulu. Ku Michigan amachotsa 25 pa 100 pa misewu ya konkire ndi 35 pa 100 pa ya phula, kupatula misewu imene anailemba kuti ndi ya nyengo zonse. Ku Minnesota nthambi yoona za misewu imachenjeza kutatsala masiku atatu, ndipo kawirikawiri chiletsocho sichipitirira milungu isanu ndi itatu.

Masiku atatu ndi ochepa kwa munthu amene ali kale panjira, n'chifukwa chake ndikukupemphani kuti musananyamuke muziona zidziwitso za dera lililonse limene mudutsemo, ndipo muzipakira molingana ndi dera lokhwimitsa kwambiri paulendowo. Okutumani akakukakamizani kudzaza thiraki, auzeni mwaulemu alembe pa pepala msewu umene akufuna mudutse ndi kulemera kwa ekiselo iliyonse, chifukwa pa sikelo woimitsidwa ndi inuyo.

Tipume kaye ndi nyimbo, makalata ena tiwerenga tikabweranso.